Kashopu kokonza zithunzi zakale ku Fordsburg: andibwezera nkhope ya azakhali anga

Abale amene muli kuno ku Joni ndipo muli ndi zithunzi za makolo zomwe zikufwifwa mu sutikesi, mverani izi.

Agogo anga aamuna anabwera kuno ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi, kuchokera ku Ntcheu, anagwira mu mgodi kontilakiti imodzi kenako nkuthawa ku komboni kukayamba yophika kwa azungu, kumudzi anthu nkumati basi atchona. Ku Sophiatown anapeza banja nkubereka mwana wamkazi, woyamba wa mtundu wathu kubadwira kunja kwa Nyasaland. Mwanayo anamwalira ndi chikuku asanakwanitse zaka zinayi, kenako mu 1955 boma linayamba kugumula Sophiatown nkumatutira anthu ku Meadowlands, banja lija linabalalika, agogo nkubwerera kwawo ndi sutikesi ndi kachithunzi kamodzi basi ka mwanayo. Bambo anga anabadwa pambuyo pake kwa mayi ena. Ndiye kamwana kameneka, ngakhale sikanakule, ndi azakhali anga enieni.

Chithunzicho bambo ananditumizira pa basi, ndinakachilandira pa Park Station chili mkati mwa buku la nyimbo. Chinali chothyoka pakati, mzere woyera wodutsa pa tsaya, ngodya imodzi chiswe chinadya, kuseri kuli zolemba za pensulo za agogo zomwe zinali zitatsala pang'ono kufufutika.

Kashopuko ndi kakang'ono, amajambulanso zithunzi za pasipoti. Mkulu wa pamenepo sanachigwire ndi zala pamwamba ayi, anachinyamula m'mbali ngati dzira, ndipo nditanena kuti achimate pulasitiki anakaniratu, akuti kutentha kwa makina aja kumaononga pepala lakale ndipo ukamata sumatulanso. Anachisikana mbali zonse ziwiri ine ndili pomwepo nkundibwezera chenichenicho tsiku lomwelo. Apa pokha anandigula mtima.

Koma poyamba sanandisangalatse, ndinene chilungamo. Nditapita kukatenga ndinapeza nkhope ayisalaza pa kompyuta mpaka mwana kuoneka ngati chidole, maso aakulu osakhala athu, diresi alipaka pinki pomwe palibe akudziwa kuti linali la mtundu wanji. Mtima unandiwawa. Ndinati pepani bambo, uyu si wathu, chotsani makala onsewa mungotseka mng'alu basi. Sanatsutse, sanalipiritsenso kachiwiri, koma ndinadikira masiku ena asanu ndipo foni samayankha msanga, ukaimba katatu ndi pomwe ayankhe.

Kachiwiriko ndiye eeh. Chakuda ndi choyera momwe chinalili, kamwana kataima osavala nsapato, dzanja lagwira mwendo wa mpando, chipumi chotuluka chija cha kwathu chili poyera. Zolemba za kuseri anazikuza nkuzipulinta papepala lapadera, dzina lake likuwerengeka bwinobwino tsopano. Mtengo wake pamodzi ndi fulemu sunapose ndalama yomwe ndimathera pa taxi sabata imodzi.

Mukapita muwauziretu kuti musapake makala, musasinthe nkhope, ndipo akupatseni fayilo pa foni osati pepala lokha.

Ine ndinatumiza pa WhatsApp usiku womwewo. Bambo anaimba m'mawa, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti "achemwali anga awa", nkundiuza ndipulintitse zina zitatu ndibwere nazo pa Khirisimasi.