Tian Xia Character Guide: tanuki ndi dolo koma nkhani yosanduka kuno ndi ina

Buku ili, la Tian Xia, dziko lopeka la mmasewera lofanana ndi Asia, ndi la kampani ya Paizo, linatuluka mu 2024, ndipo ndi la masewera a Pathfinder, aja okhala mozungulira tebulo, mmodzi nkumafotokoza dziko ndi zomwe zikuchitika, enanu aliyense ali ndi munthu wake pa pepala, ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi ya mbali 20. Ife timasewerera pa Nchalo, pakhonde, dzuwa likapepa, chifukwa masana a Okutobala kuno mutu sugwira ntchito.

Mitundu yatsopano yomwe ungasankhire munthu wako ilimo 6, samsaran, sarangay, tanuki, wayang, yaksha ndi yaoguai, yonse yochokera mu nthano ndi zikhulupiriro za ku Asia. Ine ndinalifunira tanuki basi ndipo sindinakhumudwe. Tanuki ndi kanyama kenikeni ka ku Japan, ka mtundu wa agalu koma nkhope yakuda mmaso, ndiye mu nthano zawo kamayika tsamba pamutu nkusanduka munthu, kamagula mowa ndi masamba omwe kawasandutsa ndalama, wogulitsa amazindikira mmawa kuti mu bokosi muli zinyalala zokhazokha, usiku kamaimba mimba yake ngati ng'oma. Ilipo ina yotchuka ya tanuki amene anasanduka ketulo, kachisi wa Morinji ku Gunma amadziwika ndi nthano imeneyo. Zimenezi olemba sanazitaye, anamupatsa thupi lolimba ndi pakamwa potsetsereka koma kuganiza kawiri ndiye ayi, ndiye pa tebulo amakhala Kalulu weniweni, wochenjera mpaka kuchenjera kwakeko kumugwetsa mmavuto. Mnyamata wathu wina amene samayankhula konse tikamasewera anatenga tanuki, pano timachita kumuletsa kuti aise apatseko mpata anzako.

Sarangay naye ndi bho. Ndi wa ku Philippines, munthu wa mutu wa njati ya mmadzi wokhala ndi mwala wamtengo wapatali pamutu. Kwa ife amene Lengwe ndi Majete zili pafupi sitinafunike kufotokozeredwa kuti njati ikakwiya zimatha bwanji, aliyense anangomva. Wayang ndi samsaran sindinawalabadire kwenikweni, si zinyama, ndipo palibe anawasankha.

Chondinyasa ndi choti ukafuna gulu lonse la zinyamazi buku limodzi silikwana. Kitsune, nkhandwe ija ya ku Japan yomwe michira imachuluka mpaka 9 ikamakula, anamuyika mu buku la Ancestry Guide la 2021. Tengu wa mlomo wa khwangwala anali mu Advanced Player's Guide ya 2020, vanara, anyani a mu nkhani za ku India a mtundu wa Hanuman mulungu wa Ahindu, ali mu Impossible Lands ya 2022. Mabuku onsewa amagulidwa pa madola, ndiye ndi mmene Kwacha ililimu muganize nokha. Mwayi wake malamulo a Pathfinder amapezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti la Archives of Nethys, ka bando kochepa kakukwanira, chomwe ukugula mu bukuli ndi zithunzi ndi nkhani za chikhalidwe cha mitunduyi. Zithunzizo ndiye ndi zokongola zedi sindinama. Chizungu chake ndi cholemera, amene anasiyira fomu 2 amafunika wina womumasulira, ndipo ntchito imeneyo imagwera woyendetsa masewera.

Koma nkhani yaikulu kwa ine ndi yosanduka. Bukuli limatenga kusanduka ngati luso chabe, walemba pa pepala, wagwiritsa ntchito pa nthawi yako, wasanduka, anzako aseka, basi zatha. Kuno kunsi mawu amenewo ndi olemera. Munthu akagwidwa ndi ng'ona pa Shire kapena ku Elephant Marsh sipalephera wina wonong'ona kuti ng'ona ija inali yotumidwa, za afisi oyenda usiku tonse tinakula tikuzimva, ndipo nkhalamba zimavutika zenizeni ndi mphekesera zoterozo ngakhale lamulo la dziko lino limaletsa kunamizira munthu ufiti. Ndiye tangoganizani mayi a mwini khonde akudutsa ndi ndowa nkumva mwana wawo akukuwa kuti ndasanduka nkhandwe! Anaima. Tinachita kuwaonetsa zithunzi pa foni nkuwafotokozera kuti amayi izi ndi nthano za ku Japan, kwawoko nkhandwe ndi mthenga wa mulungu wawo wa mpunga Inari ndipo ziboliboli zake zili pa makomo a akachisi, anangoti kaya zanu izo koma musamakuwe anthu amva. Anali ndi mfundo, ndipo sindikuona ngati olemba analakwitsa, sanalembere ife, koma woyendetsa masewera kuno ayenera kudziwa amene ali pa tebulo komanso amene akumvetsera kuseri kwa mpanda.

Yaoguai ndi amene amayandikira kwambiri nkhani zathu, ndi wa ku China, nyama kapena chinthu wamba chomwe chakhala nthawi yaitali mpaka kupeza nzeru ndi thupi la munthu, pomwe zathu zimayenda mobwerera, munthu ndi amene amasanduka nyama ndipo sachitira zabwino. Kusiyana kumeneko kunatidyera theka la madzulo tikukangana mmalo mosewera, wina mpaka anabweretsa za Mbona wa ku Khulubvi ndi nsato yake, tinamuletsa kuti zimenezo si zoseweretsa pa madayisi.

Ngati gulu lanu lilipo kale ndipo mumatha kusonkherana, gulani PDF mmalo mwa buku lenileni, chinyezi ndi chiswe cha kuno sizimvera chisoni pepala. Amene mukungoyamba kumene werengani kaye za tanuki pa intaneti muone ngati zikukukomerani. Sabata yamawa tikuyamba nkhani yatsopano, mtsikana wathu wa ku Bangula anapempha yaoguai wa ng'ona ndinakana, tagwirizana kuti akhala mvuu.