GTX 1650 pa Civilization VI: zimene ndaona patatha miyezi khumi

Khadi limeneli, graphics card yojambula zithunzi za magemu pa kompyuta, linafika kwathu mu May 2024, litakulungidwa mu juzi m'chikwama cha alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anatsika nalo basi pa Wenela usiku, ndipo kutacha ine ndinali nditamasula kale chivundikiro cha kompyuta. Linali logwirapo kale ntchito, GTX 1650 ya 4GB, ya fani imodzi. Sabata yoyamba aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti mavuto anga onse atha. Pamene ndikulemba izi ndi March 2025, khadi lapirira chisanu cha June, fumbi la September, kutentha kwa October ndi ziphaliwali za dzinja lino, ndipo mawu aja ndiyenera kuwakonza. Linathana ndi theka la vuto. Theka linalo silinkakhudza khadi n'komwe, kungoti ine sindinkadziwa.

Kompyuta yanga ndi ija ya m'maofesi, Dell OptiPlex 7040 yaikulu yoimirira, imene ndinaigula kwa anthu ena pamene ankasintha makina awo. Ili ndi purosesa ya i5-6500 ya makoo anayi, ndipo zithunzi zinkachokera mu purosesa momwemo, pa Intel HD 530. Gemu imene ndimakonda ndi Civilization VI, ya mu 2016, yomanga mizinda ndi kulamulira mtundu wa anthu mosinthana ma turn ndi kompyuta, pamodzi ndi zowonjezera zake ziwiri, Rise and Fall ndi Gathering Storm. Pa HD 530 gemuyi inkatseguka ndithu, koma movutikira. Ndinkatsitsa chilichonse mpaka pansi, ndipo mizinda ikachuluka ndinkathawira ku strategic view, kumene dziko lonse limaoneka ngati mapu ojambula papepala. Kwa zaka ziwiri ndinasewera monga Shaka wa Azulu, kukangana ndi Mvemba a Nzinga wa ku Kongo, kuchita malonda ndi Mansa Musa wa ku Mali, onsewo ali zithunzi zongoima chilili chifukwa makanema a atsogoleri ndinawazimitsa.

Chimene chinandisankhira khadi si liwiro lake ayi, koma magetsi. Ndikufuna ndikhazikike pamenepa pang'ono chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta yangayi, ndi ya mawati 240 okha, ndipo ilibe waya wapadera wopita ku graphics card. Malo olowetsapo khadi pa motherboard, otchedwa PCIe, amatha kupereka mawati 75 basi. Choncho khadi lililonse lofuna oposa pamenepo silikanandithandiza. Mnzanga wina wa ku Ndirande, amene amakonza makompyuta, ankandikakamiza RX 580 ya 8GB. Sananame: ndi lamphamvu kuposa GTX 1650, ndipo logwirapo ntchito limapezeka motchipa. Koma limadya mawati 185 ndipo limafuna waya wa mapini 8. Ndikanayenera kugulanso power supply ina, pomwe makina a mtunduwu alibe pulagi ya mapini 24 imene makompyuta ena onse amagwiritsa ntchito, ndiye pakanafunikanso adaputala. Anandionetsa kawaya kotenga magetsi pa SATA, pulagi ya hard disk, n'kuwapititsa ku khadi, nati ambiri amatero. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndimakondwa kuti ndinakana. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 pa mzere wa 12V. Kuisenzetsa katundu woposa pamenepo ndi kuitanira moto m'nyumba.

Si GTX 1650 iliyonse imene imakhutira ndi magetsi a pa motherboard. Ena opanga makadi anaikapo pulagi ya mapini 6. N'chifukwa chake tsiku logula ndinali pa foni ya vidiyo ndi alamu anga ali m'sitolo.

"Alamu, tatembenuzani khadilo ndione m'mbali mwake. Pali timabowo tisanu ndi kamodzi tolowetsamo waya?"

"Palibe alamu, mposalala."

"Nanga kumbuyoko, pali pulagi ya buluu ija ya sikirini zakale?"

"Iyayi, ndikuona HDMI ndi zina ziwiri."

"Lomwelo, tengani."

Funso lachiwirilo linali ndi chifukwa chake. Pamsika pali makadi achinyengo olembedwa GTX 1050 Ti kapena mayina ena okopa, pomwe mkati mwake muli tchipi chakalekale cha mtundu wa GTS 450. Makadi enieni a GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 satulutsa chithunzi cha VGA, cha pulagi ya buluu ija. Mukaona pulagi ya buluu pa khadi lotchulidwa mayina amenewa, bwezani ndalama m'thumba. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imathandizanso, imaonetsa tchipi chenicheni ndi mtundu wa memory. Langa linapezeka la GDDR5, la m'gulu loyamba la mu April 2019, osati la GDDR6 limene linabwera chaka chotsatira ndipo ndi lofulumirako. Kusowa kwa VGA kunandipweteka mbali ina: sikirini yanga yakale inali ya VGA yokha, ndipo kaadaputala wamba ka DVI sikanagwire ntchito. Ndinakhala masiku atatu khadi lili m'malo mwake koma osaona kanthu, mpaka nditapeza adaputala ya HDMI yokhala ndi katchipi mkati. Mu July ndinasinthiratu sikirini, n'kugula ya 1920 x 1080.

Tsopano zimene khadi linachita bwino, ndipo linachitadi. Usiku woyamba nditapeza adaputala ija ndinayambitsa gemu yatsopano m'mbali mwa mtsinje. Patapita ma turn angapo mtsinjewo unasefukira. Ndinaona madzi amatope akukwera pang'onopang'ono, kumiza minda imene ndinali nditangolima, kenako n'kuphwera kusiya nthaka yachonde. Zimenezi zinali mu gemu nthawi yonseyi kuyambira pamene Gathering Storm inatuluka mu 2019, koma ine ndinkangoziwerenga pa kauthenga ka m'mbali. Nditatsegula zokambirana, Shaka anasuntha, kundiyang'ana, kugwedeza mkondo. Mwana wa mchemwali wanga amene amakhala nafe anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, nati, "Amalume, kodi ndi gemu yomwe ija?" Inali yomweyo.

Pa 1920 x 1080, zinthu zambiri zili pa high, kumayambiriro kwa gemu chithunzi chimayenda mosalala, pafupifupi mafelemu 60 pa sekondi. Chakumapeto, dziko likadzaza mizinda, njanji ndi ndege, ukamayendetsa mapu mofulumira umamva kuti khadi lalemedwa. Ndinatsitsa mithunzi kufika pa medium, ndi kuchepetsa anti-aliasing, yosalaza m'mphepete mwa zithunzi, basi zinakhala bwino. Memory ya 4GB pa gemu iyi sinandiperewerepo. Izi n'zosadabwitsa, poti opanga gemuyi amalimbikitsa khadi la 2GB, la msinkhu wa GTX 770.

Koma apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanatumize ndalama ku Joni. Chimene chinkanditopetsa kwambiri mu Civilization sichinali chithunzi chokha. Kunali kudikira. Ukadina batani lomaliza turn yako, kompyuta imayamba kuganizira mtundu uliwonse paokhapaokha: asilikali apite kuti, mzinda umange chiyani, ndani amenyedwe nkhondo. Pa mapu a huge pamakhala mitundu 12, kuphatikizapo timizinda toima patokha tambirimbiri. Ukafika turn ya 300 mwa 500, kudikirako kumakwana kupita kukhitchini, kuthira tiyi, kubwerera n'kupeza kachizindikiro kakuzungulirabe. Ine ndinkayesa kuti khadi latsopano lithetsa zimenezi. Silinathetse. Kuganiza konseko ndi ntchito ya purosesa, khadi limangojambula zimene zagamulidwa kale.

Gemuyi ili ndi mayeso ake awiri pa menyu, ena a zithunzi, ena a AI, kutanthauza kuganiza kwa kompyuta kuja. Ndinayesa onse awiri khadi lili mkati, kenako ndinalizula n'kuyesanso. Pa mayeso a zithunzi kusiyana kunali ngati njinga yakapalasa ndi galimoto. Pa mayeso a AI manambala anangosiyana pang'onong'ono. Ngati muli ndi gemuyi ndipo mukuganiza zogula khadi, chitani mayeso awiriwa kaye, mudziwe chimene chikudwala musanagule mankhwala.

Zimene zinachepetsa kudikira zinali zina, ndipo zambiri zaulere. Ndinayatsa quick movement ndi quick combat kuti kompyuta isamaonetse msilikali aliyense akuyenda ndi kumenya. Ndinasiya mapu a huge n'kubwerera ku standard, a mitundu 8, ndipo kunena zoona gemu imakoma kwambiri pamenepo chifukwa adani amakhala pafupi. Mu August ndinawonjezera RAM ina ya 8GB kuti zikhale ziwiri, 16GB pamodzi. Ma turn sanafupike kwambiri, koma kudodoma kumene kunkachitika ndikatsegula browser gemu ili mkati kunatheratu. Kenako ndinaika SSD, chosungira mafayilo chofulumira. Imeneyi ndiyo ndikanayenera kuyambira. Kutsegula gemu yosungidwa kunkatenga nthawi yoti munthu n'kuyankha mauthenga onse a pa WhatsApp, pano ndi kanthawi kochepa.

October anandiopsa. Chipinda changa ndi cha malata opanda siling'i, ndipo masana ena Loweruka ndinamva fani ikulira mwachilendo, ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. GPU-Z inaonetsa kutentha kopitirira madigiri 80. Nditatsegula ndinapeza fumbi lofiira litamatirira pa timapiko ta fani ndi pakati pa zitsulo zoziziritsira, lolimba ngati thonje lonyowa. Ndinalichotsa ndi kaburashi kofewa kopentera, chala chili pa fani kuti isazungulire. Nditamasula zomangira zinayi za kumbuyo ndinapeza thermal paste, phala lothandiza tchipi kutaya kutentha, itauma, ikunyenyeka ngati dothi la m'chilimwe. Ndinapukuta ndi spirit, kupaka yatsopano kadontho kamodzi, kubwezera. Kutentha kunatsika kufika cha m'ma 70 ndipo phokoso linatha. Khadi logwirapo kale ntchito muzilichita zimenezi tsiku lomwe lafika, musadikire October ngati ine. Panopa ndimatsegula kompyuta miyezi iwiri iliyonse, ndipo ndinaichotsa pansi n'kuiika patebulo.

Za magetsi ndibwererenso, chifukwa m'miyezi khumiyi ndi pamene ndaona phindu lenileni la khadi laling'ono. Kusiyana kwa mawati 75 ndi 185 ndi 110. Munthu wosewera maola atatu tsiku lililonse, khadi likugwira ntchito mwamphamvu, ndiye kuti pamwezi pakhoza kupita mayunitsi pafupifupi 10 owonjezera. Kwa ife ogula mayunitsi pang'onopang'ono pa foni, zimenezo zimaoneka. Chachikulu koposa ndi UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima. Yanga ndi yaing'ono, ya 650VA, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi imanyamula kompyuta ndi sikirini kwa mphindi zokwanira kusunga gemu ndi kuzimitsa bwinobwino. Ndi khadi lolemera sindikhulupirira kuti ikanapirira. Civilization VI imadzisungira yokha turn iliyonse, ndiye ngakhale zitavuta sutaya zambiri, koma chimene ndimaopa ndi kuwonongeka kwa makina, osati kutaya turn imodzi. Mvula ya ziphaliwali ikayamba ndimazula pulagi kukhoma, UPS kapena ayi.

Magemu ena ndingowatchula mwachidule. Age of Empires II: Definitive Edition imayenda popanda vuto lililonse. Age of Empires IV, momwe ndimakonda kusewera monga mtundu wa ku Mali, imayenda bwino pa medium. Total War: Three Kingdoms ndi imene inaonetsa malire a khadili: asilikali masauzande akakumana pabwalo limodzi ndimayenera kutsitsa zambiri, ndipo apo 4GB imayamba kuchepa. Civilization VII inatuluka mu February 2025. Opanga ake akuti pamafunika GTX 1050 kuti ingotseguka, koma amalimbikitsa RTX 2060 ndi RAM ya 16GB. Khadi langa lili pakati pa ziwirizi, kufupi ndi pansi, ndiye sindikuthamangira kuigula.

Kodi ndingaligulenso? Pa kompyuta yomweyi, pa gemu yomweyi, inde, osaganiza kawiri. Koma wina akandifunsa lero ndimayamba ndamufunsa kuti power supply yake ndi ya mawati angati, ndipo ili ndi waya wa khadi kapena ayi. Amene ali ndi ya mawati 500 yabwino asavutike ndi GTX 1650, ayang'ane RX 6600 ya 8GB, imene imadya mawati 132 ndipo ili patali kwambiri pa mphamvu. Amene ali ndi makina a muofesi ngati anga ndipo thumba likulola, RTX 3050 ya 6GB, imene inatuluka mu February 2024, imadya mawati 70 okha, yambiri siifuna waya, ndipo imaposa langali. RX 6400 nayo siifuna waya, koma imagwiritsa ntchito njira zinayi zokha za PCIe, ndipo pa makina akale a PCIe 3.0 ngati OptiPlex 7040 imataya mphamvu ina. GT 1030 ndimaletsa, makamaka ya DDR4, imene ili ndi dzina lofanana ndi ya GDDR5 koma ndi yofooka kwambiri.

Ndalama zimene ndikusunga panopa si za khadi. Ndikufuna i7-6700, imene imalowa pa soketi yomweyo ya LGA 1151, ya makoo anayi koma ma thread 8. Ndawauza kale alamu anga kuti akamabwera pa Isitala ayang'aneko. Ikadzafika, choyamba kuchita chidzakhala mayeso a AI aja, pa mapu omwewo, ndipo manambala akale ndinawalemba kuseri kwa kope la mayunitsi a magetsi kuti ndidzayerekeze.