Buku kapena filimu: wachinyamata wa phee uja amamveka bwino pati?

Mwana uja amakhala kumbuyo m'kalasi, osayankha funso ngakhale yankho akulidziwa, m'buku amalankhula osapuma. Pakamwa ali duu, koma ife owerenga timamva zonse zimene zikumuyenda m'mutu. Kamera ndiye m'mutu simalowa, ndipo mafilimu onse ochokera ku mabuku otere amavutikira pomwepo.

Titenge buku la The Perks of Being a Wallflower. Stephen Chbosky analitulutsa mu 1999, ndipo lonse ndi makalata amene Charlie, mnyamata wongoyamba kumene sekondale kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh ku America, akulembera munthu amene sanaonanepo naye. Kukoma kwake kuli pakuti Charlie amafotokoza zinthu zimene iye mwini sakuzimvetsa, moti wowerenga amayamba kuona vuto mwini wake asanalizindikire. Filimu yake ya 2012 anaitsogolera ndi Chbosky yemweyo, Logan Lerman akusewera Charlie, Emma Watson akusewera Sam, mnzake wa Charlie. Mwini nkhani atagwira yekha chonchi, zambiri zinatsalabe kunja. Za mchemwali wake wa Charlie, amene anatenga mimba n'kukaichotsa mlongo wakeyo atamuperekeza, anazijambula koma m'filimu sanaziikemo. Kwa ine chimenechi n'chitayiko chachikulu, chifukwa ndi pamene timaona kuti mnyamata wamanyaziyu anthu angamudalire.

Komatu filimuyi ili ndi chake chimene pepala silingapereke: nyimbo. Pamene anawa akudutsa pa galimoto mumsewu wapansi pa phiri usiku, buku limangotchula kuti nyimbo ndi Landslide, ndiye ngati simuidziwa, kwanu kwatha. Filimu inaikapo Heroes ya David Bowie, ndipo imakulowani m'makutu, mufune musafune.

Speak, la Laurie Halse Anderson, nalonso la 1999, limatembenuza nkhani pang'ono. Melinda amasiya kulankhula atagwiriridwa pa phwando, anzake n'kumamusala poti anaitana apolisi. Apa kukhala chete ndiye nkhani yeniyeniyo, choncho filimu ya 2004 ili ndi pogwira: nkhope ya Kristen Stewart, akadali wamng'ono, ikunena zimene pakamwa pakukana. Chimene chinachepa ndi nthabwala. Melinda wa m'buku ndi wachipongwe, aphunzitsi amawapatsa maina mumtima, mpaka umaseka pamene sunayembekezere. Mawu ake apansipansi, a mumtima aja, amene filimu imatimvetsa sakwanira kunyamula zonsezo.

Mawu apansipansi amenewa ndiwo njira imene opanga mafilimu ambiri amathawirako, ndipo akachuluka amatopetsa. Vuto lina n'lakuti osewera ake amakhala ooneka bwino kwambiri, mpaka umadzifunsa kuti munthu wotereyu angasowedi anzake?

Wolemba J.D. Salinger yekha anakaniratu kuti buku lake lisanduke filimu. The Catcher in the Rye linatuluka mu 1951, iye anamwalira mu 2010, ndipo filimu yake kulibe mpaka lero.

Ndiye muyambe ndi chiti? Pa nkhani ya Charlie, werengani kaye buku, chifukwa filimu ikakuululirani chinsinsi cha kumapeto, makalata aja simudzawawerenganso mosadziwa ngati mwini wake. Pa ya Melinda mukhoza kuyamba ndi filimu osataya zambiri, popeza nthabwala zake zonse mukazipezabe m'buku.