Ndinapita kukaona maboti a Vendée Globe, koma maso anga anakatsalira pa anthu okonza zingwe

Kwa amene muli ku France kuno kapena kufupi, sungani chaka cha 2028, pamene Vendée Globe, mpikisano wa maboti a matanga wozungulira dziko lonse, udzachitikenso. Ine ndinapita mu October 2024, pa sitima yapamtunda kuchokera ku Nantes mpaka ku Les Sables-d'Olonne, kumene amamanga mudzi wa alendo pa doko la Port Olona milungu itatu mpikisano usanayambe. Kulowa kunali kwaulere, ndipo amakulolani kutsika n'kuyenda pambali penipeni pa maboti. Anali 40, lililonse lotalika mamita 18.28, ambiri okhala ndi zipsepse zazikulu m'mbali zimene zimanyamula boti pamwamba pa madzi likathamanga.

Mpikisanowu unayamba mu 1989 ndipo umachitika zaka zinayi zilizonse. Munthu mmodzi, yekhayekha, amazungulira dziko lonse mtunda wa makilomita pafupifupi 45,000, kudutsa kumunsi kwa Cape of Good Hope (ku South Africa), Cape Leeuwin (ku Australia) ndi Cape Horn (ku South America), osaima padoko, osalandira chilichonse m'manja mwa wina. Mayina amene amalembedwa pa matanga ndi m'nyuzipepala ndi a oyendetsawo. Koma ine ndinakulira ku Mangochi, bambo anga anali osoka ukonde, ndipo ndikudziwa kuti usipa ukachuluka anthu amatama siginala, osati amene anakhala tsiku lonse pamchenga akutseka zibowo za chilimira. N'chifukwa chake ndinaima nthawi yaitali pa boti limodzi, ndikungoyang'ana antchito.

Wina anali atamukweza pamwamba pa mlongoti, akusisita chingwe chilichonse ndi zala kufuna pamene payamba kudyeka. Mayi wina anali m'kati, atazunguliridwa ndi mawaya ndi kompyuta, akuyesa makina amene amagwira chiwongolero mwini wake akagona. Makinawo akafa, munthu sangagone, ndipo ulendo ukhoza kuthera pomwepo. Ndinaona wina akulowa m'madzi ozizira aja kukapukuta pansi pa boti. Ena awiri ankalongedza chakudya chouma m'matumba olembedwa manambala, kuti akakhala pakati pa nyanja angotsegula la sabata imeneyo osaganiza. Woyang'anira boti, amene amadziwa bawuti iliyonse, ankayenda ndi pepala akuchonga. Sankafuula. Zinandikhudza mtima kwambiri kuona mmene ankagwirira zinthu modekha, podziwa kuti mfundo imene wamanga lero idzagwira moyo wa mnzake mu December kum'mwera kwa Australia.

Wodzipereka wina wolondolera alendo anatifotokozera bwino malamulo, mosathamanga, ngakhale Chifalansa changa n'chapakatikati. A kumtunda saloledwa kuuza woyendetsa njira yoti adutse potengera nyengo. Zimenezo ndi zake yekha. Koma chinthu chikathyoka akhoza kuwaimbira, iwo n'kumulangiza kakonzedwe kake, manja n'kukhala ake. Ndiye foni yawo siizima usiku ndi usana kwa miyezi iwiri kapena itatu. Dokotala nayenso amathandiza ali kutali. Pa mpikisano wa 1992 mpaka 1993, Bertrand de Broc anadzisoka yekha lilime litang'ambika, akutsatira malangizo a Dr Jean-Yves Chauve amene anali kumtunda. Mu November 2020 boti la Kevin Escoffier linathyoka pakati kum'mwera chakumadzulo kwa Cape Town. Uthenga wake wachidule unafika kwa anzake a kumtunda, oyang'anira mpikisano anatembenuza maboti amene anali pafupi, ndipo Jean Le Cam anamutola pa kabwato kopulumukira patapita maola oposa 11.

Za malo enieniwo: muli mahema a ziwonetsero, zakudya, ndi zoti ana aphunzire za nyanja. Izo ndinangodutsamo. Anthu amachuluka zedi, makamaka Loweruka ndi Lamlungu komanso ana akakhala pa holide, choncho pitani m'kati mwa sabata, m'mawa, nthawi imene antchito ali pa ntchito yeniyeni. Valani jekete yochindikala, mphepo ya kunyanja ya Atlantic imalowa m'mafupa.

Pa 10 November, tsiku loyamba mpikisano, sindinathe kubwereranso, ndinaonera pa TV. Chimene ndinadikira ndi nthawi ija, patatsala mphindi zochepa, pamene antchito amakumbatira mnzawo n'kudumphira mu timaboti ta injini, kumusiya yekha. Charlie Dalin, amene anapambana, anabwerera pa 14 January 2025 atatha masiku 64, ndipo m'ngalande yolowera padoko anzake aja anali naye limodzi pa boti, atakwera atangodutsa mzere womaliza. Ndinaimika kanemayo kangapo kuti ndione nkhope zawo. Mu 2028 ndidzatenga mwana wanga wamkazi, amene amakonda kumasula ndi kumanga zinthu, ndipo tidzakafika m'mamawa geti lisanatsegulidwe.