Heat pump ya anansi yolirima m'khoma: timapilo ta labala tinalephera, amisiri anathandiza

Ndemanga iyi ndi ya zinthu ziwiri zimene zinayesedwa pofuna kuthetsa vuto limodzi m'nyumba zogundizana za ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, kumene banja lathu limachita lendi. Choyamba ndi timapilo ta labala timene timagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira kuti tiziikidwa pansi pa makina onjenjemera. Chachiwiri ndi ntchito ya kampani ina yaing'ono ya amisiri a mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, imene inabwera kudzachotsa heat pump ya anansi athu pakhoma n'kuikhazika pansi. Maganizo anga ndi akuti timapiloto tinangodya ndalama chifukwa tinaikidwa pamalo pamene sitikanatha kugwira ntchito yake, pamene amisiriwo anathetsa mbali yaikulu ya vuto, ngakhale kuti pali zina zimene sindinakhutire nazo.

Anansi athu sindikuwaimba mlandu chifukwa chogula makinawa. Heat pump imatenthetsa madzi a m'giza potenga kutentha kwa mumpweya wa panja: fani imakoka mpweya, gasi wa m'mapaipi amayamwa kutentha kwake, kompulesa imapanikiza gasiyo mpaka atatentha kwambiri, ndipo kutenthako kumalowa m'madzi. Mwa njira imeneyi makinawa amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene elementi ya giza ikanadya, ndipo aliyense amene amagula mayunitsi a City Power kapena a Eskom akudziwa kuti zimenezo si ndalama zochepa. Komanso kuyambira mu 2011 malamulo omangira nyumba a SANS 10400-XA amafuna kuti osachepera theka la madzi otentha a m'nyumba yatsopano azitenthetsedwa ndi njira ina osati elementi, ndipo n'chifukwa chake makinawa afala m'mipanda yambiri ya Johannesburg.

Chimene chinalakwika kwathu ndi malo amene makinawo anaikidwa. Anawapachika pa zitsulo ziwiri zokhomeredwa ndi mabauti m'khoma la njerwa, ndipo khoma lomwelo limapitirira mpaka kukhala khoma la kuchipinda chathu chogona. Masana sitinkamva kanthu chifukwa cha magalimoto a mumsewu wa Malibongwe, koma usiku kukakhala zii m'chipinda munkadzaza kulirima kwapansipansi, konga kwa chigayo cha dizilo chimene chili kutsidya kwa dambo, ndipo munthu ukagunditsa chikhatho pakhoma unkamva kunjenjemera kwake. Anansi athu ankadabwa ndi dandaulo lathu, ndipo sankanama, pakuti munthu woima pafupi ndi makinawo panja ankangomva kukupiza kwa fani, kumene sikunali kosokosa kwenikweni.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo amene sanamvetse mfundoyi adzagula zinthu zosathandiza. Makinawa amatulutsa phokoso la mitundu iwiri. Pali phokoso loyenda mumpweya, lochokera makamaka ku fani, limene limachepa ukatalikira kapena ukatseka zenera. Ndiye pali kunjenjemera kwa kompulesa, kumene kumalowa m'zitsulo, m'mabauti ndi m'mapaipi mpaka m'njerwa, n'kuchititsa khoma lonse kulira lokha m'chipinda cha munthu wina. Magetsi a kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo mota ya kompulesa wamba imazungulira pafupifupi ka 2,900 pa mphindi, kotero kuti kulira kwake n'kwa besi, kumene njerwa siziletsa mosavuta. Kutseka mazenera kumangochotsa phokoso lina lonse la panja, kulirimako n'kutsala kokha m'makutu. Vutoli limakula mu June ndi July, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo usiku wa m'nyengo yachisanu kumazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0. Mpweya ukazizira chotero makina amagwira ntchito nthawi yaitali kuti apeze kutentha kokwanira, ndipo nthawi zina amaima kuti asungunule madzi oundana pa zitsulo zake, n'kuyambanso ndi kugunda kumene kumadzutsa ngakhale mwana.

Timapilo ta labala anagula ndi anansi athu, mwa mtima wabwino, atalangizidwa ndi wogulitsa m'sitolo. Ndi tolimba, totchipa, ndipo ndikukhulupirira kuti pansi pa makina ochapira zovala amene akhala pa simenti tingathandize ndithu. Pakhoma pathu sitinasinthe kanthu kooneka, ndipo zifukwa zake zinadziwika pambuyo pake. Bauti iliyonse inadutsa pakati pa kapilo n'kumangidwa zolimba, choncho kunjenjemera kunkangodutsa m'bautimo ngati kuti labalayo palibe. Labalayo inalinso youma kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa makinawo. Kuti chokhalira chimeze kunjenjemera chiyenera kufinyika pang'ono makina akakhala pamwamba pake, ndipo chimene chinapangidwira makina olemera a m'fakitale sichifinyika pansi pa heat pump ya pakhomo. Pamwamba pa izo, mapaipi a kopa ochoka pa makina kupita ku giza anali okhomeredwa kukhoma lomwelo. Chimene ndimadandaula nacho pa katunduyu n'chakuti papaketi panalibe mawu alionse onena za kulemera kwa makina amene timapiloto tikuyenera, ndipo wogula wamba alibe njira yodziwira kuti watenga toyenera kapena ayi.

Tisanafike kwa amisiri panali nkhani ya malamulo, imene ndiitchule chifukwa ambirife timaopa kudandaula poganiza kuti munthu wa lendi, amenenso ndi mlendo m'dziko, alibe mawu. Chigawo cha Gauteng chili ndi malamulo oletsa phokoso a 1999, ndipo madandaulo a phokoso la makina amapita ku nthambi ya Environmental Health ya khonsolo ya mzinda. Muyezo wa SANS 10103 umati usiku, kuyambira 10 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, phokoso la panja loyenera m'madera okhala anthu a m'tauni ndi madesibelo 45 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo m'madera abata a magalimoto ochepa ndi 40, pamene bungwe la WHO linalangiza mu 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso losalekeza lisapitirire 30. Komabe pulogalamu yoyezera phokoso ya pafoni musaidalire pa mlandu wotere. Timaikolofoni ta mafoni sitimva bwino besi, ndipo muyeso wa madesibelo wotchedwa dBA umene malamulo amagwiritsa ntchito umapeputsa dala kulira kwapansi, kotero kuti foni ikhoza kuonetsa nambala yaing'ono pamene inu simukugona. Chimene chinatsegula njira kwa ife ndi lamulo la nyumba za sectional title, kutanthauza nyumba za mumpanda umodzi zimene iliyonse ili ndi mwini wake: malire a nyumba ya munthu amathera pakati pa khoma, ndipo mbali ya kunja ndi ya onse, choncho kukhomerapo makina kumafuna chilolezo cha matrasiti a body corporate, lomwe ndi bungwe la eni nyumba onse a mumpandamo. Eni nyumba yathu analembera matrasitiwo, ndipo nkhani inatha mwamtendere osafika ku CSOS, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziweruza mikangano ya m'mipanda yotere, ndipo limalandira madandaulo a alendi omwe.

Kampani ya amisiriyo tinaidziwa kudzera mwa bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene amayang'anira nyumba ku Windsor East. Chimene chinandikopa pa ulendo wawo woyamba n'chakuti mmisiri wamkulu sanayambe ndi kugulitsa kanthu. Anapempha kulowa kuchipinda chathu, anatuma womuthandiza kuti aziyatsa ndi kuzimitsa makina, ndipo iye anagunditsa nsonga ya sikuludilaiva pakhoma, chogwirira chake chili pakhutu, n'kumasuntha kuchoka pakona mpaka pamene padutsa mapaipi. Atatero anatuluka kukayang'ana ngati kompulesa yakhala bwino pa timiyendo take ta mkati, ngati fani siyopindika, ndiponso ngati palibe chitsulo chachikuto chimene chamasuka, popeza nthawi zina vuto limakhala sikuluwu imodzi yokha. Womuthandizayo anali mnyamata wa ku Ntcheu, ndipo atamva kuti ndife a kumudzi anandifotokozera m'chinenero chathu kuti: “Amayi, makinawa ali bwinobwino, kungoti awamangirira kukhoma la kuchipinda kwanu. Tikawatsitsa pansi mugona.” Kufufuza kotereku ndiko kunandipatsa chikhulupiriro, chifukwa munthu wina amene anafunsidwa poyamba anangonena pafoni kuti makina onse otere amalira choncho.

Ntchito imene anagwira inali yooneka kuti aiganizira. Anathira kasilabu ka konkire pansi, kosagundana ndi maziko a nyumba, n'kusiya mpata pakati pa kasilabuko ndi khoma. Makina anawakhazika pa zokhalira zinayi za labala yofewa zimene anasankha atawerenga kulemera kolembedwa pa chikwangwani cha makinawo, zopangidwa mwakuti bauti ya pamwamba ndi ya pansi sizikhudzana. Pamene mapaipi a madzi amalowa m'makina anaikapo timapaipi tofewa topindika, ndipo zogwirira mapaipi kukhoma anazisintha n'kuika zokhala ndi labala mkati. Anawachotsanso pakona pamene anali, chifukwa makoma awiri okumana amabweza phokoso n'kulikuza, ndipo fani anailozetsa ku mpanda m'malo mwa zenera lathu. Kutalikitsako n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira: pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso la mumpweya limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Anansi athu anafunsa ngati sikukanakhala bwino kungomangira makinawo bokosi la matabwa, koma mmisiri anakana, ndipo anakana molondola, pakuti makina otsekeredwa amakokanso mpweya wozizira umene angoutulutsa, n'kumagwira ntchito nthawi yaitali ndi kudya magetsi ambiri.

Chomaliza anaika wotchi yoyatsa ndi kuzimitsa makina, kuti azigwira ntchito kuyambira chakumasana mpaka dzuwa litapendeka. Kuno masana a m'nyengo yachisanu amakhala a dzuwa ndi ofunda ndithu, choncho makina amapeza kutentha mosavuta, ndipo giza yokutidwa bwino imasunga madziwo mpaka m'mawa. Anansi athu anapindula nazo pa magetsi, ife tinapindula pa tulo.

Zosakhutiritsa zinalipo, ndipo sindizibisa. Mtengo umene analemba poyamba sunaphatikize ulendo wachiwiri wobwera konkire itauma, kapena malipiro a wamagetsi amene anafunika kudzatalikitsa waya, choncho anansi athu ndi eni nyumba yathu, amene anagwirizana zogawana ndalamazo, analipira zoposa zimene ankayembekeza, ndipo zimenezi zikanatha kubwezeretsa mkangano umene unali utazirala. Mabowo a mabauti akale anawasiya osamata mpaka titawakumbutsa. Madzi amene amadontha m'makina sanawalowetse m'paipi, ndipo tsopano amayenderera pa kanjira ka simenti n'kumeretsa ndere zoterera. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi wotchi ija, imene inalibe batire yosungira nthawi, chinthu chosamveka mumzinda umene magetsi amathima kawirikawiri; magetsi atathima kwa maola angapo wotchiyo inatsalira m'mbuyo, makina n'kuyamba kulira pakati pa usiku, ndipo panafunika kugula ina. Amisiriwo sanayezenso phokoso ndi chipangizo chovomerezeka asanayambe ndi atamaliza, kotero kuti nkhaniyi ikanafika kwa oweruza sitikanakhala ndi umboni wolembedwa.

Ngakhale zili choncho, kulirima kwa m'khoma kunatheratu, ndipo chikhatho chikagunda pakhoma sichimvanso kanthu. Kukupiza kwa fani kumamvekabe masana zenera likakhala lotsegula, ndipo sindikuganiza kuti pali mmisiri amene angakuthetse konse popanda kusintha makina n'kugula a inverter, amene amayamba pang'onopang'ono ndi kuchepetsa liwiro madzi akayandikira kutentha. Ntchito yotereyi ndingailimbikitse makamaka kwa abale amene amagona m'tinyumba ta kuseri kwa mabwana awo, chifukwa makina a giza ndi a dziwe losambira kawirikawiri amaikidwa kumeneko kuti asaoneke kwa alendo, khoma lake n'kukhala lomwelo limene wantchito watsamiritsako bedi. Pokambirana ndi abwana kapena anansi, pemphani kuti mmisiri alowe m'chipinda chimene mumagona makina akulira, kuti mtengo wolembedwa uphatikize silabu, wamagetsi ndi paipi ya madzi odontha, ndiponso kuti wotchi ikhale ya batire. Zokhalira za labala nazo zimauma ndi kung'ambika ndi dzuwa la kuno pakapita zaka, choncho aliyense wobwera kudzatsuka makinawo aziuzidwa kuti aziyang'ane nthawi yachisanu isanayambe.