Mphatso kwa wokonda kuphika: safironi kapena kambuzi?

Ku Fordsburg, dera la mu mzinda wa Joni, m'masitolo a amwenye pafupi ndi msika wa Oriental Plaza, safironi amagulitsidwa m'timabokosi ting'onoting'ono. Ndi timaulusi tofiira ta m'duwa, ndipo wambiri amalimidwa ku Iran. Galamu imodzi imafuna maluwa pafupifupi 150, n'chifukwa chake ngodula. Mukaviika timaulusi tochepa m'madzi ofunda, mpunga wonse umasanduka wachikasu, wonunkhira bwino. Koma samalani, wachinyengo aliponso, komanso wosamuzolowera amangomusunga m'kabati mpaka fungo kutha.

Kambuzi wouma wobwera pa basi kuchokera kumudzi ngotsika mtengo, koma fungo lake tsabola wa kuno ku Joni salifikako. Kwa alamu amene amakazinga usipa ndi nkhuku madzulo alionse, ine ndingapereke kambuzi mosakayika. Safironi apatseni amene amaphika kale biriyani, mpunga wa amwenye wosakaniza ndi zokometsera.