Makina ochapira zikolopa patatha miyezi 10: mchenga, magetsi ndi madzi

Chaka chatha mu June ndinalemba zoti kakampani kathu kokonza m'maofesi kuno ku Lilongwe kagula makina ochapira otsegula kutsogolo, a makilogalamu 9, oti azichapa zikolopa za microfibre zomata ku mopu pamodzi ndi tinsalu topukutira madesiki. Nthawi imeneyo ndinangoti akuchapa bwino, koma makina atsopano aliwonse amachapa bwino. Ena munafunsa ngati muyenera kutaya twin tub yanu, makina aja a zigubu ziwiri, china chochapira china chofinyira, n'kugula oterewa. Pano makinawa alawa fumbi la October ndi matope a dzinja lonse, ndiye ndili ndi choyankha.

Akugwirabe ntchito, ndipo atati awonongeke mawa ndingagulenso amtundu womwewu. Koma twin tub sitinaitaye, ndipo ndi iyo imene yawasunga ndi moyo.

Chikolopa si malaya. Malaya amabwera ndi thukuta, pomwe chikolopa chimabwera ndi dothi la m'nsapato za anthu onse amene analowa mu ofesi tsiku limenelo. Microfibre amaikonda chifukwa imatola chilichonse, ndipo zonse zimene yatolazo zimakathera m'makina. Patangotha milungu ingapo makina anayamba kuima pakati pa ntchito madzi ali tho m'kati. Pansi penipeni kutsogolo pali kachitseko kakang'ono, m'kati mwake muli sefa ya pampu yotulutsa madzi. Titaika beseni n'kupotokola sefayo, panatuluka madzi akuda, kenako phala la mchenga wofiira wokwana dzanja limodzi, ma staple ambirimbiri adzimbiri, mapini omangira mapepala, ndi tsitsi la mawigi litakulungana pa kachipangizo kozungulira ka pampu moti sikankatembenukanso. Tinachotsa zonsezo ndi chala ndi mswachi wakale, makina n'kudzuka.

Pampu ndi nkhani yaing'ono, imagulidwa. Chimene ndimaopa ndi cha kumbuyo kwa dramu. Kumeneko kuli raba yotchinga madzi kuti asafike ku ma bearing, tizitsulo tothandiza dramu kuzungulira bwino, ndipo mchenga umaidya pang'onopang'ono. Ikangobooka, madzi amalowa, ma bearing amachita dzimbiri, makina n'kuyamba kulira pofinya. Makina ambiri a masiku ano chigubu chakunja chimene dramu imakhalamo anachimata, sichitseguka, moti kusintha ma bearing ndiye kusintha chigubu chonse, mtengo wake n'kutsala pang'ono kufanana ndi wa makina atsopano. Vutoli limakula chifukwa cha chinthu chomwecho chimene ogulitsa amatamira makinawa: amamwa madzi ochepa, malita 50 kapena 60 pa kuchapa kumodzi. Pa zovala za m'nyumba zimenezi n'zabwino. Pa zikolopa zamatope, madzi ochepa amenewo sakwanira kukokolola mchenga, umangozungulira momwemo.

Ndiye timachita motere. Zikolopa zikafika madzulo, amazikutumula kaye panja. Kenako zimalowa mu twin tub ndi madzi ozizira ambiri, opanda sopo, mphindi zisanu zokha. Madzi ake amatuluka ofiira, ndipo mchenga umatsala pansi pomwe ukuoneka, n'kuutsuka ndi ndowa imodzi. Zikafinyidwa m'pamene zimapita ku makina aakuluwo. M'dzinja, zochokera m'maofesi amene bwalo lake n'lopanda simenti timazitsukuluza kawiri. Sefa ija timaitsegula Loweruka lililonse, ndipo chiyambireni dongosololi timangopezamo tinthu tochepa.

Wina angafunse kuti nanga bwanji osangochapa zonse mu twin tub momwemo. Yankho ndi kutentha. Twin tub ilibe chotenthetsera madzi. Ife zikolopa tinazigawa mitundu: zofiira n'za m'zimbudzi, zabuluu za m'maofesi ndi m'makonde, zobiriwira za m'khitchini, ndipo mtundu uliwonse umachapidwa paokha. Zofiirazo kale zinkanunkha ngakhale zitauma padzuwa, moti ukazinyowetsanso m'mawa fungo linkadzuka. Chiyambire kuzichapa pa madigiri 60, fungo lija linatha. Kwa ine ichi chokha chinabweza ndalama ya makina, chifukwa kasitomala sayang'ana pansi kaye, amayamba wanunkhiza. Kupitirira 60 sitiyesa. Microfibre ndi ulusi wa polyester ndi nayiloni, ndi pulasitiki ndithu, ndipo ikapsa imauma gwa, zomatira za kumbuyo kwake n'kupindika.

Chenjerani ndi batani la eco, la pulogalamu yosunga magetsi ndi madzi. Limatenga maola atatu kapena kuposa, ndipo pa makina ambiri madzi safika pa kutentha kumene kwalembedwako. Ife timagwiritsa ntchito pulogalamu wamba ya thonje, ya maola awiri ndi kanthu.

Kutenthaku kuli ndi mtengo wake. Chotenthetsera chimakoka mawati pafupifupi 2,000, ndipo kuchapa kumodzi pa 60 kumadya pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi. Zimenezo n'zopiririka. Chovuta ndi magetsi akazima makina ali pakati. Inveta yathu ya mu ofesi singanyamule katundu wotere, chitseko chimakhala chokhoma madzi ali m'kati, ndipo zikolopa zimangoviikidwa mpaka magetsi atayaka. Makina athu amapitiriza pomwe analekera, koma ngati zagona m'madzi ofunda maola ambiri timayambiranso. Chifukwa cha ichi tinagula zikolopa zina zapadera, kuti gulu la m'mawa lisanyamuke chimanjamanja. Tinaikanso kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, konga kaja ka pa filiji koma kolimba kokwanira makina ochapira, chifukwa bolodi la zamagetsi la m'kati likapsa zonse zaima. Twin tub ilibe bolodi, ili ndi mota ziwiri ndi mawotchi opotokola, ndipo magetsi akathima umangotulutsa zinthu n'kumaliza pamanja.

Madzi nawo anatipatsa ntchito. Kabuku ka makina athu kamati mphamvu ya madzi isachepere 0.5 bar. Madzi a m'thanki amapeza 1 bar pa mamita 10 aliwonse okwera, ndiye thanki yathu, yomwe ili pa nsanja ya mamita atatu, imapereka 0.3 basi. Masiku amene mpope wauma n'kumadalira thanki, makina ankadikira madzi kwa kanthawi kenako n'kuzima okha, nambala ya vuto ikuphethira. Kapampu kakang'ono kowonjezera mphamvu pa paipi kanathetsa nkhaniyi. Ngati kwanu madzi mumatunga pachitsime kapena pa kiyosiki, makina otsegula kutsogolo musawaganizire n'komwe. Sathiridwa madzi ndi ndowa.

Za makilogalamu 9 aja musazitengere kumtima. Nambala imeneyo ndi ya zovala zathonje zouma. Chikolopa cha microfibre chimamwa madzi olemera kangapo kuposa icho chomwe, ndipo zikanyowa zimaunjikana mbali imodzi ya dramu. Makina akazindikira kuti katundu wapendekeka amakana kufinya: amazungulira pang'ono, kuima, kuyesanso, mwina kwa theka la ola. Zikachepa kwambiri ndi chimodzimodzi. Ife tinapeza kuti dramu ikadzaza kupitirira pang'ono theka, zonse zili za msinkhu umodzi, zimayenda bwino. Ikafinya bwino pa liwiro lozungulira ka 1,400 pa mphindi, zikolopa zimatuluka zongotsala pang'ono kuuma, ndipo mu January, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, zinkauma pakhonde usiku umodzi. Pogula, nambala ya kufinyayi ndi imene ndingayang'ane kuposa ya makilogalamu.

Pa sopo ndinakangana ndi anzanga ogwira nawo ntchito kwa nthawi. Mayi wina amene wakhala nafe kuyambira pachiyambi, wodziwa ntchito kuposa tonsefe, ankathira mankhwala ofewetsa zovala kuti zikolopa zizinunkhira. "Bwana, makasitomala amakonda kafungo," ankatero. Sindinawatsutse ndi pakamwa. Ndinathira timadzi pa desiki n'kuwapatsa kansalu kochapidwa ndi mankhwalawo. Kanangokankha madziwo uku ndi uku ngati pepala la pulasitiki, pomwe kena kosathiridwa kanawamwa nthawi imodzi. Mankhwala amenewa amakuta ulusi ndi mafuta, ndipo ndi omwe amasiya mizere pa matailosi akauma. Anaseka n'kuti, "Chabwino, mwapambana," koma botolo lija ndinalichotsabe pa shelefu. Jiki nayenso timamupewa chifukwa amafooketsa ulusi. Sopo waufa timathira theka la muyezo wa pa paketi, poti zikolopa zimabwera kale ndi mankhwala okolopera, ndipo thovu likachuluka makina amangowonjezera nthawi yotsukuluza. Matawulo athonje sitiwasakaniza nazo, ubweya wake umamatirira osachoka.

Pali zinthu ziwiri zimene sizilowa m'makinawa zivute zitani. Choyamba ndi nsanza za polishi wofiira wa pa simenti. Tsiku lina imodzi inazembera m'gulu la zabuluu, ndipo mpaka lero raba ya pachitseko ili ndi banga lofiira, zikolopa za ulendo umenewo zinasanduka zoterera moti tinazipatula kuti zizikolopa m'galaja. Chachiwiri ndi mapadi ozungulira a makina opolishira pansi, ofiira, oyera ndi akuda aja. Ndi okhakhala, angakande galasi ndi raba. Amenewo timawatsuka ndi paipi ntchito ikangotha, polishi asanaume, n'kuwapachika pa msomali.

Pepala la walanti muliwerenge musanalipire. Makina a m'nyumba ambiri walanti yake imanena poyera kuti sikhudza ogwiritsa ntchito pa bizinesi, ndipo athu ndi amodzi mwa amenewo. Makina enieni a malonda, aja a m'mahotela ndi m'zipatala, amapirira kuchapa tsiku lonse ndipo amakonzeka, koma mtengo wake si wa kakampani ngati kathu kamene kamachapa kawiri kapena katatu pa tsiku. Amene muli ndi makontrakiti ambiri moti makina sangapume, kumeneko n'kumene muyenera kuloza. Enafe funso lofunika kwa wogulitsa ndi lakuti pampu, raba ya pachitseko ndi loko wake zimapezeka m'tauni muno kapena ayi. Onaninso pulagi: makina ambiri ochokera ku South Africa amabwera ndi ya mano atatu ozungulira, ndipo adaputa yotchipa imatentha mpaka kusungunuka ikamanyamula chotenthetsera chija. Ife tinaitana wamagetsi kudzaika soketi yoyenera.

Pakali pano dramu ikuzungulira mwakachetechete, ndikaigwedeza ndi dzanja sigwedera. Kamodzi pa mwezi timawayendetsa opanda kanthu pa madigiri 90, ndipo chitseko chimagona chotsegula. Chimene chatopa ndi raba ya pachitseko ija: kuwonjezera pa banga, yayamba kung'aluka m'munsi momwe mchenga umakhazikika. Muno sindinaipeze ya saizi yake, ndiye ndaitanitsa kudzera kwa mlamu wanga ku Johannesburg, ibwera pa basi kumapeto kwa mwezi uno.